Usiku wa Bambo Rüstem

Pakhoma la wodi yathu ku Erzurum pali pepala,
ndinalimata ndekha ndi selotepi chaka chatha:
Masana tsegulani makatani. Usiku zimitsani magetsi.
Wokalamba wochitidwa opaleshoni agone nthawi yogona,
mutu ungamusokonekere.
Si nkhambakamwa ayi. Anaziyesa pa anthu ambirimbiri,
ine ndinawerenga mpaka timanambala ta m'munsi,
ndipo ndaona ndi maso angawa okalamba akubwerera m'nzeru zawo
chifukwa cha katani lotsegula ndi wotchi yoyenda bwino.

Kenako anabwera Bambo Rüstem, bedi nambala seveni,
atathyoka fupa la m'chiuno poterereka pa madzi oundana.
Masana tinkawagwedeza: dzukani, dzuwa ilo!
Ankatiyang'ana ngati tawabera.
Usiku tikazimitsa, ndiye kwawachera:
kuzula diripu, kuponda pansi ndi mwendo wosokedwawo,
kukuwa kuti moto wazima, moto wazima, anyamata inu!
Usiku wachitatu Sevgül, mkulu wathu, anati
pepala likutero, titsate pepala,
zikakanika dokotala alembe mankhwala ogonetsa.

Ine chinandigwira mtima ndi manja awo.
Powayeza kuthamanga kwa magazi ndinaona zipsera,
timizeremizere kuyambira padzanja mpaka pachigongono,
zakale zotuwa, zina zofiirira.
M'mawa ndinafunsa mwana wawo Gülizar pakhonde,
atanyamula tiyi m'kagalasi.
Anaseka, kenako misozi.
Zaka makumi anayi ndi zitatu, anatero,
bambo ankadzuka wani koloko kukayatsa uvuni
kuti anthu potuluka mumzikiti apeze buledi wotentha.
Dzuwa amalidziwa ngati mlendo wofika iwo akuvula nsapato.

Ndinabwerera ku zolemba zija. Sindinazitsutse.
Ndinangozifunsa: munkafuna mdima weniweniwo,
kapena kuti munthu agone usiku wake?
Mwa onse munawerenga aja,
ophika buledi analipo angati?
Pepala linangoti duu. Silidziwa zipsera.

Ndinapita kwa Sevgül ndi dokotala. Mawu anakwera pang'ono.
Dokotala anakanda chibwano nthawi yaitali,
n'kuvomera masiku atatu oyesera, zonse zizilembedwa,
zikapanda kusintha tibwerere pakale.
Tinawasamutsira kukachipinda ka kumapeto.
Masana, akatha kudya ndi kuyesera kuyenda ndi ndodo, katani tinkatseka.
Wani koloko ndinayatsa kanyali,
ndinawaveka magalasi awo,
ndinawauza tsiku ndi malo monga pepala linenera,
mankhwala a ululu pa nthawi yake, madzi akumwa,
kenako matawulo khumi ndi awiri ofunda, ochokera kochapira.

Sindinanene kanthu. Manja anadziwa okha.
Kupinda, kukanda, kutembenuza,
kuyala m'mizere pa thireyi.
Kunja chipale chofewa chikukwirira maambulansi mwakachetechete.
Cha m'ma folo anandiyang'ana bwinobwino koyamba:
Mwana wanga, awa ndi matawulo, ndikudziwa.
Pano ndi pachipatala.
Koma ufa wanuwu ndi woipa.

Ndinalemba m'fayilo: Diripu ili m'malo. Sanagwe.
Azindikira pomwe ali. Agona maola asanu ndi limodzi, masana.
Nthabwala ija ndinasowa mzere woilembapo.

Pepala likadali pakhoma, ndipo mawa ndilitsatanso
kuyambira bedi wani mpaka sikisi.
Ndani adziwa, mwina wina wodzabwera pa seveni
matawulo sadzamuthandiza kanthu.
Pansi pake ndawonjezera ndi bolopeni, zilembo zopendama:
Yambani mwafunsa kuti ankagwira ntchito yanji.
Sevgül anawerenga, anangokweza nsidze,
n'kundipempha selotepi.
Ngodya ina inali itamatuka.